Udzu wa Jimmy

Lucan, Dublin
2 June 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga Ganizani ndi banja lake. Bondo lija likuvutabe? Kuno tili bwino tonse. Ine ndikugwirabe ntchito kuchipatala, bambo a Yande akuyendetsabe basi, ndipo Yande watsala pang'ono kutsekera sukulu. Ndalemba zilembo zikuluzikulu monga munalamulira, popeza pa foni mumati ndimamveka ngati ndikulankhulira m'chitsime.

Ndili ndi nkhani yoti simuikonda, ndiye ndingoyamba nayo. Ulendo wathu wa mu August uja tausuntha, tidzabwera pa Khirisimasi. Musaganize kuti kuli matenda kapena vuto la mapepala. Chifukwa chake ndi udzu.

Kunja kwa tauni yathu ino, cha kumtsinje wa Liffey, kuli mayi wina wachikulire dzina lake Carol. Amaweta mahatchi ochepa ndipo amaphunzitsa ana kukwera. Yande amapitako Loweruka lililonse. Pa mahatchiwo pali kena kafupi, konenepa ngati mgolo, dzina lake Jimmy, ndiye bwenzi lapamtima la mdzukulu wanu. Mwezi wathawu Jimmy anadwala ziboda. Ankangoima atatambasulira miyendo kutsogolo, osafuna kuponda, thukuta lili kamukamu. Dokotala wa ziweto anati wadwala ndi msipu wa m'munda momwemo, ndipo akabwereramo matendawo adzamupha. Panopa amutsekera pabwalo la mchenga, akudya udzu wouma. Mayi Carol alibe munda wina. Anatiuza kuti msipuwo ukapanda kusintha, Jimmy adzamupereka kwa anthu ena akutali.

Makolo a ana tinakumana n'kugwirizana kuti tichotse udzu wakalewo, tifese wina. Nthawi yabwino yofesera kuno ndi kumapeto kwa August, dothi likadali lofunda, ndipo ndi nthawi yomweyo imene tinatenga tchuthi. Pagulu lonse, amene anagwirapo thirakitala ndi bambo a Yande okha, kwawo ku Chipata. Tikachoka, ntchito iima.

Ndamupempha Ganizani kuti asakuuzeni, ndimafuna mumve kuchokera m'dzanja langa. Mutikhululukire. Mundilembere za kumudziko.

Ndine mwana wanu,
Dainess


Bvumbwe, Thyolo
8 June 2024

Mwana wanga Dainess,

Landira moni kuchokera kwa ine bambo ako. Ndili bwino, kupatula bondo ili lomwe limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Kaya inu kumeneko? Apongozi ali bwanji? Nanga mdzukulu wanga?

Chiyambire Pasaka sindinalandire kalata yako, koma sindikudandaula. Ndikudziwa kuti nkhani zonse mukusungira August.

Kuno ntchito ili mkati. Nyumba ndapaka laimu kunja ndi mkati. Chipinda chanu ndatulutsamo matumba a madeya, ndipo Ganizani wakonza zenera lija linkalowetsa mphaka. Tonde wamkulu ndamupatula kwa anzake, akudya yekha ngati bwana, sakudziwa chimene chikumudikira. Kutchalitchi ndalengeza kale, ndipo amayi a kwaya ayamba kuphunzira nyimbo yokulandirirani. Ndinawamva Lachinayi. Ngakhale ndi makutu angawa ndinazindikira kuti akufunika nthawi, koma pofika August adzakhala atawongola.

Ng'ombe yanga yakuda ija yabereka kathole kokongola. Sindinakapatse dzina, ndikudikira Yande. Ndayambanso kukumbukira Chizungu changa cha ku famu, chifukwa Ganizani akandiimbira foni ya zithunzi ija, mwanayo amangondibayibitsa, pakamwa pali chitsekerero. Kaya Chichewa chinamuthawa, kaya amaona agogo ake ngati munthu wachikale, tidzaona akafika.

Mubwere ndi majuzi, kuno kukuzizira. Undigulire mabatire a kachipangizo ka m'khutu kaja.

Bambo ako,
Tarsizio Makwinja


Bvumbwe
1 July 2024

Dainess,

Kalata yako ndailandira. Ndinaiwerenga ndekha, kenaka ndinamupatsa Ganizani kuti andiwerengere, poganiza kuti mwina maso anga akunama. Ndamva kuti simubwera chifukwa cha udzu.

Ndagwira ntchito ya ng'ombe zamkaka moyo wanga wonse, ndipo sindinaonepo chiweto chikudwala chifukwa chodya msipu wabwino. Ngati pali chifukwa china, ukanangonena, ndine munthu wamkulu.

Tonde ndamubwezera kwa anzake.

Upereke moni kwa hatchiyo.

T. Makwinja


Bvumbwe
7 July 2024

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Ife tilipo, ana akukula, mkaka ukutuluka.

Ndalemba papepala n'kujambula, chifukwa ndikakulemberani pa foni mumangondiyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Nkhaniyi siyoyankha ndi kachithunzi.

Madala akwiya, koma kwenikweni akhumudwa. Amangokhala pakhola kuyang'ana kathole kaja. Amayi a kwaya anawauza kuti ndege yadzaza, ndiye taonani munthu wamkulu wayamba kunama kutchalitchi chifukwa cha inu. Mphekesera nazo zachuluka. Ena akuti mwagula mahatchi ndipo mwayamba kudzimva. Azakhali akuti alamu ndi amene akukanizani, akufuna mupite ku Chipata mwakachetechete. Ine ndinaseka, koma madala sanaseke.

Chinanso. Lachiwiri titapita kukapereka mkaka, ndinawaona atamukokera pambali mlangizi wa ziweto. Mukudziwa kuti madala akamanong'ona amamveka mpaka kumsika. Anamufunsa ngati n'zoona kuti hatchi ingadwale ndi msipu wobiriwira. Mlangiziyo anati n'zoona ndithu. Anabwerera kunyumba atakwiya kuposa mmene anapitira.

Achemwali, ine ndimakudziwani. Simungasiye ulendo wakwanu chifukwa cha chiweto cha eni ake. Chilipo chimene simukunena. Auzeni. Mulembe, mujambule, munditumizire, ine ndikasindikiza pa sitolo tsiku lomwelo. Za positi zatikwana, onani mmene makalata anu anasemphanirana panjira.

Mlongo wanu,
Ganizani


Lucan
11 July 2024

Okondedwa Bambo,

Moni wanu ndinakapereka kwa Jimmy. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kudya.

Ganizani akunena zoona, chilipo chimene sindinanene. Ndinakhala chete chifukwa mwini wake, Yande, anandiletsa, koma dzulo wandilola.

Titasamukira kuno ku Lucan, Yande anayamba chibwibwi. Poyamba chinali chochepa. Kusukulu yatsopano ana ena anayamba kumuyeserera, ndiye mwana anangosankha kutseka pakamwa. M'kalasi sankayankha. Kunyumba ankatiyankha ndi mutu. Foni ndiye ankaiopa kwambiri, makamaka yanu, poti ankadziwa kuti mudzamuuza kuti abwereze mokweza. Si kunyada, Bambo. Foni ikatha ankapita kuchipinda kukalira kuti walephera kunena kuti muli bwanji agogo.

Tinapita naye kwa akatswiri a zolankhula, ndipo akumuthandiza ndithu. Mmodzi wa iwo ndi amene anatiuza za kwa mayi Carol. Loweruka lina ndinafika msanga kukamutenga. Ndikudutsa kuseri kwa khola ndinamva mwana akufotokoza nkhani yaitali, mawu akungoyenderera ngati madzi. Nditasuzumira ndinapeza ndi Yande, akupesa Jimmy uku akumuuza zonse za kusukulu, ndi za inu zomwe, kuti ali ndi agogo ku Malawi odziwa kukama ng'ombe. Ndinabwerera kuseri kwa khoma n'kulira mpaka mayi Carol anandibweretsera tiyi.

Chibwibwicho sichinathe, koma mantha akuchepa. Teremu yathayi anakweza dzanja m'kalasi. Ndiye tsiku limene anamva kuti Jimmy achoka, anakhalanso chete mlungu wonse. N'chifukwa chake tatsala. Ndikanakuuzani kale, koma ndinkaopa kuti mudzadandaula muli kutali.

M'munsimu walemba yekha. Ine ndangomuthandiza masipelo.

Dainess

Agogo, muli bwanji? Ine ndili bwino. Pepani kuti sitibwera mu August. Ndimakukondani maningi. Ndimamva Chichewa chonse koma pakamwa panga pamachita traffic. Jimmy si woipa, ndi wadyera chabe. Amayi akuti inu mumadziwa udzu. Mungatithandize? Kathole kaja mukapatse dzina loti Biscuit. Ndine Yande.


Bvumbwe
14 July 2024

Mwana wanga Dainess, ndi iwe mdzukulu wanga,

Moni nonse, ndi apongozi omwe.

Kalata yanu ndinaiwerengera kukhola kuti Ganizani asandione nkhope. Dainess, unalakwa kundibisira, koma inenso ndinalakwa kumuganizira mwana zoipa. Zathera pomwepo. Yande, usadandaule. Iwe pakamwa pamachedwa, ine makutu amachedwa, ndiye ife awiri tizilemberana, enawa azilimbana ndi mafoni awo. Kathole ndakauza dzina lake. Abusa a ng'ombe kuno akukatchula kuti Bisiketi, ndipo kakuvomera.

Tsopano za ntchito. Popeza mwandipempha, ndavomera kukhala kapitawo wa munda umenewo. Uwauze mayi Carol asade nkhawa. Mverani bwino.

Choyamba mutenthe udzu wakalewo, kunja kukatentha masana. Kenaka mugalauze mozama, muthire manyowa ambiri. Udzu wobzala ndi nsenjere m'malire, rodesi pakati. Ukamera muthire yureya, musaumire. Ku famu kumene ndinkagwira ntchito tinkatero, ndipo ng'ombe zinkabwera kokama mabere akukhukhuluzika pansi. Chofunika kwambiri ndi kupalira. Tchire lililonse lomera m'mundamo ndi mdani, lizulidwe lisanachite maluwa.

Mbewu musavutike nayo. Mwana wa aphunzitsi apa, Tusajigwe, amene akuphunzira ku yunivesite kwanuko, anabwera kutchuthi ndipo akubwerera mlungu wamawa. Ndadula kale nsenjere zabwino, mtolo wake ndi wosalemera kwenikweni. Adzakupatsirani.

Kutchalitchi ndakonza. Ndawauza kuti ulendo wasunthidwa chifukwa ana anga apatsidwa ntchito yaikulu ya zaulimi ku Ulaya, ndipo ine ndikuilangiza. Amayi a kwaya akondwa, akuti apeza nthawi yokwanira.

Bambo ako ndi agogo ako,
Tarsizio Makwinja


Lucan
28 July 2024

Okondedwa akapitawo,

Tili bwino tonse, ndipo Yande kalata yanu waimata pakhoma pamwamba pa bedi lake.

Tusajigwe anafika bwino, tinakamuona ku Drumcondra kumene akukhala. Anatifotokozera mmene munafikira pabwalo la ndege ndi mtolo wa nsenjere wotalika kuposa iye. Akuti anagwada n'kukupemphani kuti mumumvere chisoni, chifukwa zomera siziloledwa kulowa m'dziko muno mwachisawawa. Musamukwiyire, akunena zoona. Komanso nsenjere singapirire chisanu cha kuno. Mtedza ndi ufa zokha ndiye zafika, zikomo kwambiri.

Malangizo anu ndinawamasulira mayi Carol. Za moto anaseka mpaka kutsokomola. Anati mukapeza tsiku limene udzu wa ku Ireland wauma moti n'kuyaka, muwauze adzalilembe pakhoma. Koma nditafika pa yureya ndi mabere okhukhuluzika anaomba m'manja, amvekere, "Bambo akowo aitchula nthendayo!" Munda umenewu kale unali wa ng'ombe zamkaka. Mwini wake wakale anafesamo udzu wa mtundu umodzi wokha, wonona, wa shuga wambiri, ndipo ankauthira fetereza chaka ndi chaka. Kwa ng'ombe ndi phwando. Koma kahatchi ngati Jimmy kanalengedwa kuti kazidya udzu wosauka wa m'mapiri. Kakadya wononawu, shugayo amakatupitsa mkati mwa ziboda. Ndiye zonse zimene mukanachitira ng'ombe zanu, ife tichita mozondoka.

Dothi tinaliyezetsa, likufuna laimu pang'ono basi. Mbewu yabwera yosakaniza kale. Muli udzu wotchedwa timothy, wina fescue wa masamba opyapyala, ndi ina ingapo yoyanga pansi kuti ziboda zisamakumbe matope. Tsopano khalani pansi, Bambo. Mulinso mbewu za zitsamba. China ndi yarrow, cha maluwa oyera. China ndi chicory, chomwe chija amasakaniza ndi khofi wa m'chitini. Mizu yake imapita pansi kwambiri, imamasula dothi n'kukweza mchere umene udzu suufikira, ndipo mahatchi amadzitsinira okha akafuna. Kunena mwachidule, tikufesa tchire dala.

Chozula chilipo chimodzi, cha maluwa achikasu, chomwe chimawononga chiwindi cha hatchi. Chimenecho tikuchizula ndi mizu yomwe, titavala magolovesi. Yande akuti pamenepo pokha malamulo anu akugwira ntchito.

Mwana wanu,
Dainess


Bvumbwe
4 August 2024

Dainess,

Moni. Ndili bwino, ngakhale kalata yako inandidwalitsa mutu.

Msana wangawu unapindika ndi kuzula chisoso, bonongwe ndi khovani m'minda ya msipu. Lero mwana wanga, amene ndinamuphunzitsa sukulu, akugula mbewu ya tchire m'sitolo! Ndinamuuza mnzanga wina wa ku famu, anati mwina kuzizira kumasokoneza anthu.

Komabe ndaganizira. Mbuzi zanga ndikazimasula sizithamangira nsenjere. Zimayamba zatsina apa, zatsina apo, kachitsamba aka, kamtengo ako, ndipo sizidwaladwala. Mwina hatchi ndi mbuzi yaikulu. Ndavomereza, pitirizani. Udzu wa dzina la Timoteyo ndaukonda, sungakhale woipa.

Koma pali zina zimene sizisintha, kaya ndi ku Thyolo kaya ndi ku Ulaya. Mbewu yaing'ono siikwiriridwa mozama. Mukafesa mutsendere dothi kuti igwirane nalo. Ndipo chiweto chisalowemo msanga, ngakhale chilire bwanji. Yande, ntchito iyi ndakupatsa iwe. Udzu ukakula, uziugwira ndi zala n'kukoka ngati mmene ikokera hatchi. Ukazuka ndi mizu, sunakonzeke. Ukaduka mizu n'kutsala, wayamba kugwira. Uzindilembera zimene wapeza.

Bambo ako


Lucan
2 September 2024

Okondedwa Bambo,

Tafesa! Thupi lonse likuphwanya, koma ndati ndisagone pa nkhaniyi mlungu wonse.

Masabata apitawa bambo a Yande anagalauza munda n'kuusalaza ndi chitsulo cha mano chokokedwa ndi thirakitala yobwereka. Vuto lawo ndi loti anazolowera basi. Akafika pakona amayatsa indiketa, ndipo munthu akangoimika dzanja kuwapatsa moni, amaima kudikira kuti akwere. Ana anazindikira zimenezi, moti ntchito inachedwa ndi theka la tsiku.

Loweruka ndilo linali tsiku lofesa. Makina amene tinkayembekezera sanabwere, mwini wake anatanganidwa ndi zokolola kwina. Kumwamba kunali kutayamba kuda, ndipo mayi Carol anakhala pa ndowa atagwira tsaya. Pamenepo bambo a Yande anaimbira anzathu a kutchalitchi. Bambo, mukanaona! Anabwera a ku Zambia, a ku Malawi, manesi anzanga a kuchipatala cha Beaumont ongoweruka kumene, Tusajigwe ndi anzake a ku yunivesite atavala nsapato zoyera. Azimayi anamanga zitenje pamwamba pa majekete a mvula. Tinasakaniza mbewu ndi mchenga m'mabeseni, tinandanda mzera umodzi pamodzi ndi makolo achizungu, n'kuyamba kuwaza ndi manja kuchokera kumpanda mpaka kumtsinje.

Mayi wina wa ku Kitwe, dzina lake Melody, anayambitsa nyimbo kuti mapazi aziyendera limodzi. Azungu mawu sankawadziwa koma ankavomera mwamphamvu. Bambo wina wachikulire woyandikana ndi mundawo anatsamira pampanda nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa n'kunena kuti anaona komaliza anthu akufesa chonchi ali kamnyamata. Anapita kwawo n'kubwera ndi chimgolo chake cholemera chotsendera dothi, osapemphedwa.

Yande ndiye anali wogawa mbewu za zitsamba. Ndinamumva akuuza munthu wamkulu, dokotala wa mafupa, kuti, "A-a-ankolo, mukuwaza kwambiri malo amodzi." Mawu anagwira pang'ono, koma anadikira mpaka anatuluka, ndipo ankolowo anapepesa. Za kukoka udzu anawafotokozera mayi Carol, iwo anati bambo awonso anawaphunzitsa chimodzimodzi, ndipo akupereka moni kwa kapitawo mnzawo.

Titangomaliza kutsendera, mvula inayamba, yabwino, yamawawa. Tinathawira m'khola la udzu wouma n'kudya mandasi ndi masangweji, Jimmy akutiyang'ana ndi diso la njala.

Tsopano tikudikira. Akhwangwala a kuno achuluka m'mundamo ndipo akundidetsa nkhawa.

Mwana wanu,
Dainess


Bvumbwe
20 September 2024

Yande,

Moni mdzukulu wanga. Bwanji kuli zii? Wamera kapena sunamere? Ine kuno tulo sindikuliona bwino. Anthu akundifunsa kutchalitchi ndipo ndikusowa choyankha. Ngati akhwangwala atha mbewu, musandibisire. Mumange zitini pa chingwe. Uwafunse amayi ako ngati anatsendera mokwanira, chifukwa apongozi ndi munthu wabwino koma ndamva za kayendetsedwe kawo.

Agogo ako


Lucan
24 September 2024

Agogo,

Wamera!!! Sindinalembe chifukwa poyamba kunalibe chilichonse, dothi lokhalokha, ndipo ndinkaopa kukuuzani. Tsiku lina ndinagona pansi pa gate n'kuyang'ana cham'mbali, ndiye ndinaona green paliponse, tating'ono ngati tsitsi la mwana. Ndinakuwa mpaka Jimmy anadzidzimuka. Manje ukuoneka ngakhale utaimirira.

Ndinakoka monga munanenera. Unazuka ndi mizu. Ndinaubwezera ndipo ndinaupepesa.

Mayi Carol akuti mahatchi salowa mpaka chaka chamawa. Kukayamba kufunda kudzabwera nkhosa kuti zidye pamwamba, udzu uchite nthambi zambiri. Jimmy akudana nazo kale.

Ma ticket a December tagula. Adadi akuti mumuuze tonde kuti nthawi yake yakwana.

Yande


Lucan
15 June 2025

Agogo okondedwa,

Muli bwanji? Bisiketi ali bwanji? Akadali kutafuna malaya a anthu pa chingwe? Ndimakumbukira Bvumbwe tsiku lililonse, makamaka mmene munkandiphunzitsira kukama, ndi amayi a kwaya amene anaimba nyimbo yotilandira kawiri chifukwa koyamba analakwitsa. Chichewa changa chakula, kalata iyi amayi sanaigwire.

Dzulo Jimmy analowa m'munda.

Ndiyambe ndi udzu. Nkhosa zinabwera mu April n'kupita. Ndakhala ndikukoka mwezi uliwonse, ndipo tsopano umaduka, mizu imakana. Dokotala anabwera, anayenda m'munda monse, anaona ziboda za Jimmy, ndipo anati angalowe koma pang'onopang'ono, kanthawi kochepa m'mawa, tsiku lililonse kuwonjezera. Munda ndi wokongola, agogo. Suli ngati carpet monga kale. Muli udzu wautali ndi waufupi, yarrow wayamba maluwa, ndipo njuchi ndi agulugufe abwera ambiri.

Anthu onse amene anafesa anabwera kudzaona. Aunt Melody anabwera ndi mpando. Mayi Carol anandipatsa chingwe n'kunena kuti, "Ndiwe umulowetse." Anandipemphanso kuti ndinene mawu pang'ono kwa anthu. Ndinagwira khosi la Jimmy ndipo ndinanena zikomo m'Chizungu ndi m'Chichewa. Pa dzina lanu ndinakakamira nthawi yaitali, Ta-ta-ta, koma palibe anaseka, anangodikira. Nditamaliza kunena Tarsizio Makwinja anaomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli.

Kenaka ndinamasula chingwe. Tonse tinkaganiza kuti athamangira udzu. Iye anaima, ananunkhiza, anayenda mpaka pakona pamene pali pompi yodontha, malo okhawo a matope m'munda monse, n'kugona pansi kuyamba kugubuduka miyendo m'mwamba. Ndinali nditamusambitsa m'mawa wonse! Adadi anaseka mpaka anakhala pansi. Atadzuka anathamanga kuzungulira munda, akuponya miyendo ngati kamwana, osatsimphina ngakhale pang'ono. Mayi Carol anatembenukira kumpanda kuti tisawaone akulira. Pomaliza anapita pa chicory n'kuyamba kudya mwaulemu ngati ali mu restaurant.

Mayi Carol anena pamaso pa onse kuti Jimmy sapita kulikonse.

Ndatumiza zithunzi kwa amalume Ganizani. Mundiuze ngati tachita bwino.

Mdzukulu wanu,
Yande


Bvumbwe
22 June 2025

Mdzukulu wanga Yande, ndi iwe Dainess, ndi apongozi,

Moni nonse. Kuno tili bwino. Bisiketi wadya malaya a Ganizani a kutchalitchi.

Yande, kalata yako ndinakaiwerenga pamalo operekera mkaka, mokweza, anthu ali pamzera ndi zigubu zawo. Pamene unatchula dzina langa ndinaima kaye, ndinawauza kuti m'maso mwalowa fumbi. Dzina limeneli ngakhale ansembe amapunthwa nalo. Iwe unalinyamula mpaka kulifikitsa pamaso pa anthu a mitundu yonse. Chiyambire kubatizidwa, palibe amene anandilemekeza chotere.

Wafunsa ngati mwachita bwino. Zithunzi ndaziona, ndi magalasi komanso popanda magalasi. Zikuoneka bwino, koma kapitawo weniweni savomereza munda pa chithunzi. Ayenera kuupondamo, kuufukula ndi chala, ndi kuununkhiza. Komanso pompi yodonthayo yandinyansa. Anthu onsewo, madokotala ndi a ku yunivesite, palibe wogwira sipanala?

Ndiye mverani. Ine ndi Ganizani takhala tikuyenda ku Blantyre mwakachetechete, ndipo pasipoti yatuluka. Pa chithunzi chake ndikuoneka ngati wakuba mbuzi, koma akuti ndi momwe amaonekera onse. Dainess, uja unkandikakamiza zaka zonsezi kuti ndidzaone kumene mukukhala, ine n'kumakana kuti ndege ndi ya achinyamata, tsopano yamba kulemba makalata ako ondiitana aja. Ndikufuna kufika maluwa asanathe.

Undipezere jekete lokhuthala ndi majombo aakulu, phazi langa ukulidziwa. Mtolo sinditenga, ndalonjeza. Uwauze mayi Carol asatchetche chilichonse ndisanafike. Ndipo iwe Yande, umuuze mnzakoyo kuti kukubwera munthu wokalamba wa bondo limodzi amene sanakwerepo pamsana pa chilichonse kupatula njinga. Ayambiretu kuyeserera kuyenda pang'onopang'ono.

Ndine kapitawo wanu,
Tarsizio Makwinja